Sipika ikamang'ung'uza, musalole munthu adule waya wa earth

Ndatopa kumva mawu akuti "sipika yafa" kuchokera kwa anthu amene sanafufuze n'komwe kumene phokosolo likuchokera. Nthawi zambiri sipika imakhala ilibe mlandu, chifukwa ntchito yake ndi kutulutsa chilichonse chimene ampulifaya yaitumizira, kaya ndi nyimbo kaya ndi phokoso. Amene amathamangira kukagula ina amakapeza phokoso lomwe lija likumudikira kunyumba, ndalama zitapita kale.

Yambani mwazimitsa makinawo, kenaka musinthanitse mawaya a sipika ya kumanzere ndi ya kumanja kumbuyo kwa ampulifaya. Phokoso likatsalira pa sipika yomwe ija, vuto lili m'sipikayo kapena waya wake, koma likasamukira ku inayo, sipika zonse ziwiri ndi zabwino. Mukatero zulani zonse zimene zimalowetsa mawu, monga TV, dikoda ndi kompyuta, n'kumazibwezera chimodzichimodzi mpaka phokoso libwerere. Foni yoyandikira mawaya, chaja yotchipa, mababu ena a LED ndiponso ma inverter otsika mtengo nazonso zimabweretsa phokoso, ndipo zimenezo mumazigwira pongozichotsa.

Phokoso limene limasautsa anthu ambiri ndi kung'ung'uza kwa mawu a besi kosasintha, kumene kumamveka ngakhale nyimbo zisakusewera. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a 230 volts ndipo amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndiye kung'ung'uzako ndi magetsi enieniwo atalowerera m'njira ya mawu. Izi zimachitika kawirikawiri zipangizo ziwiri zikalumikizidwa ku masoketi osiyana pamene pakati pake padutsanso waya wa mawu, kapena nthambo yochokera ku dishi ikakhala ndi earth yakeyake (earth ndi waya wotayira pansi magetsi osochera). Mankhwala ake ndi kuika zipangizo zonse pa ekisitenshoni imodzi yabwino, ndipo zikakanika pali kachipangizo kotchedwa ground loop isolator kamene kamaikidwa pa waya wa mawu, osati wa magetsi.

Apa ndi pamene amisiri ongophunzirira pa katundu wa anthu amandikwiyitsa. Amatsegula pulagi ya mano atatu ija, n'kudula waya wobiriwira ndi wachikasu umene umapita ku dzino lalitali lapamwamba, phokoso n'kutheratu, mwini wake n'kulipira mokondwera. Ampulifaya ina yotere inandipeza itachokera m'nyumba imene mwana wamkazi anagwidwa ndi magetsi akukolopa, atangoigwira ndi manja onyowa kuti aisunthe. Mayi ake anandiuza kuti anaponyedwa pansi ndipo chikhatho chinapsa. Nditaitsegula ndinapeza waya wa magetsi utakhuka n'kumakhudza chitsulo cha bokosi, earth itadulidwa bwinobwino ndi pulayazi, ndipo m'malo mwa fyuzi munali tinthambo ta kopa topotedwa pamodzi. Waya wa earth uja ukanakhalapo pamodzi ndi fyuzi yoyenera, fyuziyo ikanapsa tsiku lomwelo limene waya unakhuka, mwana asanayandikire. Mpaka lero sindimvetsa kuti munthu wodzitcha mmisiri angachotse bwanji zinthu ziwiri zokhazo zimene zimateteza moyo, n'cholinga chongofuna kuthetsa phokoso. Mmisiri aliyense akakuuzani kuti earth ndiyo ikusokoneza ndipo aichotsa, nyamulani katundu wanu muzipita.

Kung'ung'uza kukapitirira mutazula zonse n'kutsitsiratu voliyumu, nthawi zambiri makapasita aakulu a m'kati mwa ampulifaya, omwe ndi zipangizo zosunga ndi kusalaza magetsi, amakhala atatopa, ena amaoneka otupa pamwamba. Musatsegule nokha, chifukwa amasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Kuthetheka kobwera pokhapokha mukamatembenuza voliyumu nthawi zambiri ndi fumbi chabe, ndipo kumatha ndi mankhwala opopera otchedwa contact cleaner. Mafuta ophikira ndi palafini amangowonjezera vuto.

Pali phokoso lina limene silifuna kuzengereza. Mawu akayamba kusasa mukakweza kwambiri, ampulifaya yafika pa malire ake, ndipo mukaumirira kasipika kakang'ono ka mawu okwera kamapsa msanga. Zimenezi zimachuluka pa zinkhoswe ndi maukwati, pamene anthu amalumikiza sipika zambiri pa waya mmodzi osadziwa kuti ziwiri za 8 ohms (muyezo wa mmene sipika imatchingira magetsi) zikalumikizidwa mbali ndi mbali, + ku + ndi - ku -, zimasanduka 4 ohms, zinayi zimafika pa 2 ohms, zomwe ampulifaya zambiri za m'nyumba sizingapirire. Mukamva kukhulana pa besi, zimitsani n'kukankha pepala la sipika pang'onopang'ono ndi zala mozungulira pakati pake. Likamakanda, koyilo, kawaya kokulungidwa kamene kamayendetsa pepalalo, yayamba kale kupsa kapena yapendekeka. Ndipo mukamva kugunda kwamphamvu poyatsa, pepala n'kutuluka kunja osabwereranso, zimitsani nthawi yomweyo ndipo musalumikize sipika ina kuti muyesere, chifukwa ampulifayayo ikutulutsa magetsi a DC, oyenda mbali imodzi osasinthasintha, amene adzawotchanso yachiwiriyo m'kanthawi kochepa.