Mkangano wa foni pabalaza unayamba foniyo isanabwere

Pali mkangano umodzi womwe sukutha m'makomo ambiri. Akuluakulu akuti ana amasiku ano sacheza, aliyense wangoweramira foni yake ngakhale muli chipinda chimodzi, anawo nawo akuti nanga ticheze bwanji poti inu nomwe maso ali pa TV. Onse awiri ndimawamva ndipo zimandikhudza chifukwa macheza a madzulo ndimawakonda kwambiri, koma mlandu wonse tikuusenzetsa foni pomwe nkhaniyi inachokera kutali. Chikondi chinalipo inde, koma chinanso chomwe chinkasonkhanitsa banja dzuwa likalowa ndi choti kuwala kunali malo amodzi basi, wofuna kuona nkhope ya mnzake kapena kusoka kapena kuthawa mdima amayenera kubwera pomwepo.

Poyamba penipeni unali moto. Kuphanga la Wonderwerk ku South Africa akatswiri anapeza phulusa losonyeza kuti moto unkagwiritsidwa ntchito zaka pafupifupi 1 miliyoni zapitazo, ndiye ganizani mibadwo yonseyo madzulo ake anali ozungulira moto. Mayi wina wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Polly Wiessner, anakhala nthawi yaitali ndi anthu a mtundu wa Ju/'hoansi a ku Kalahari n'kumalemba zomwe amakambirana, ndipo mu 2014 anatulutsa zomwe anapeza. Masana nkhani zambiri zinali za ntchito, madandaulo, kudzudzulana ndi nthabwala, koma usiku pamoto pafupifupi macheza 8 mwa 10 aliwonse anali nthano ndi nkhani za anthu, ena akutali ena omwe anamwalira kale. Apa ndi pomwe ndimaona kuti agogo akamadandaula sakudandaula zachabe, mdima ndi moto zimatulutsa mtundu wina wa macheza womwe masana supezeka.

Motowo sunalinso wophweka kuyatsa. Machesi okhwecha anayamba kugulitsidwa mu 1827 ndi John Walker wa ku Stockton-on-Tees ku England, izi zisanachitike moto ukazima imakhala ntchito, mwina kupekesa mwina kumenyanitsa mwala ndi chitsulo mwinanso kutuma mwana kukapala kwa aneba, n'chifukwa chake anthu ankaukwirira ndi phulusa pogona kuti mawa apeze khala lamoyo.

Kandulo inalipo koma inali yodula. Osauka ankayatsa ya mafuta a nyama yomwe imanunkha komanso kufuka utsi, ya phula la njuchi inali ya matchalitchi ndi anthu olemera. Ku Britain boma linafika poika msonkho pa makandulo mu 1709 mpaka 1831, ndipo kuyambira 1696 mpaka 1851 ku England kunali msonkho wa mawindo moti ena anangotseka mawindo awo ndi njerwa, mpaka lero nyumba zina zakale kumeneko zikuonekabe ndi mawindo otsekedwa. Kuwala kukakhala kodula chonchi simungayatse makandulo asanu m'nyumba imodzi, mumayatsa imodzi ndipo nonse mumasendera pafupi. Ngakhale tulo tinali tosiyana ndi tathu. Wolemba mbiri Roger Ekirch anapeza m'zolemba zakale zambiri za ku Ulaya kuti anthu ankagona msanga, n'kudzuka pakati pa usiku kwa ola kapena kuposerapo, kupemphera, kucheza, kusonkhezera moto, kenako n'kugonanso mpaka m'mawa, tulo toyamba ndi tulo tachiwiri.

Palafini ndi amene anasintha zinthu kwa munthu wamba. Abraham Gesner wa ku Canada anasonyeza mafutawa mu 1846, Ignacy Łukasiewicz anapanga nyali yake mu 1853 mumzinda wa Lviv, ndipo Edwin Drake atakumba chitsime cha mafuta ku Titusville, Pennsylvania mu 1859 mtengo unayamba kutsika mpaka nyali inafalikira dziko lonse, kulowa m'malo mwa mafuta a anangumi omwe olemera ankayatsa. Aliyense amene anakulira nyumba ya nyali akudziwa kuti kanthu kameneka kanali ndi malamulo ake. Panali woipukuta galasi kuchotsa mwaye lisanade, ndipo tsoka kwa iye akaliswa. Panali wodula chingwe kuti isafuke utsi. Wokhala pafupi kwambiri amakhala mwana wolemba za kusukulu kapena mayi amene akusoka, ena onse mumagawana kuwala kotsalako, ndipo wamkulu akanena kuti zimitsani palafini atha ndiye kuti tsiku latha kwa aliyense, palibe zoti ine ndikadali ndi zochita. Wopanda nyali ya galasi amayatsa koloboyi, m'mawa mphuno zili bii, koma lamulo linali lomwelo. Mwana wa zaka zisanu amamva nkhani yomweyo yomwe akumva mkulu wake wa zaka makumi awiri, mbiri ya banja, ndani anakwatira kuti, agogo awo a agogo anachokera kuti, zonse zimalowa m'mutu popanda wina kunena kuti khalani pansi ndikuphunzitseni.

Ndiye kunabwera babu. Joseph Swan ku England ndi Thomas Edison ku America anali nalo cha m'ma 1879, ndipo mu 1882 siteshoni ya magetsi ya Pearl Street inayamba kuwalitsa gawo lina la New York. Kwa ine kubalalika kunayambira apa. Chipinda chilichonse chikakhala ndi babu lake ndi switchi yake, mwana atha kutenga buku n'kukatseka chitseko, bambo atha kukhala kwina mayi kwina, palibe amene wakwiya ndi mnzake, kungoti chifukwa chokhalira pamodzi chachepa. Ndipo sindikunyoza magetsi ayi, utsi wa palafini umapweteka maso ndi chifuwa, nyali zagwa n'kuotcha nyumba ndi ana ambiri, palibe mayi amene angasankhe kubwerera kumeneko.

Chodabwitsa n'choti zipangizo zina zinkawabweza anthu pamodzi kaye zisanawabalalitsenso. Wailesi zitayamba kuulutsa mawu, siteshoni ya KDKA ku Pittsburgh ku America mu 1920 ndi BBC mu 1922, wailesiyo inali chinthu chachikulu cha matabwa choima pakona, imodzi panyumba ndipo wotsegula amadziwika. Banja limakhala chete kumvera limodzi kenako n'kumakambirana zomwe lamva. Koma transistor, kachipangizo kakang'ono ka mkati mwa wailesi komwe kanathandiza kuti zichepe msinkhu, itapangidwa ku Bell Labs ku America mu 1947, pofika 1954 kunatuluka kawailesi kolowa m'thumba, Regency TR-1, achinyamata n'kuyamba kumvera nyimbo zawo kwaokha makolo ali kudandaula ndithu. TV inachitanso zomwezo, John Logie Baird anaionetsa ku London mu 1926 ndipo nkhondo yachiwiri itatha inalowa m'nyumba zambiri, inabweza anthu pabalaza koma mipando inatembenuka, m'malo moyang'anana onse anayang'ana mbali imodzi, ndipo limoti itabwera m'ma 1950 mkangano unakhala woti yagwira ndani. Mu 1979 Sony inatulutsa Walkman, kachipangizo komvera nyimbo za pa kaseti m'makutu uli wekha, munthu n'kukhala nanu pampando umodzi makutu atatseka. Foni ya m'manja yomwe Martin Cooper wa ku Motorola anaimbira koyamba mu 1973 inali yongolankhulira, koma kuchokera pomwe iPhone inatuluka mu 2007 tochi, wailesi, TV ndi makalata zonse zalowa m'dzanja limodzi, aliyense ndi kuwala kwake. Foni inangomaliza ntchito yomwe babu linayamba.

Chomwe chimakulitsa mkanganowu ndi liwiro lake. M'mayiko ena masitepe onsewa anatenga zaka zoposa 150, m'badwo uliwonse umasintha pang'ono n'kuzolowera. Koma m'madera ambiri a dziko munthu mmodzi wadutsa zonsezi pa moyo wake, anabadwira pa moto ndi koloboyi, anakwatira nthawi ya wailesi ya mabatire, lero mdzukulu wake akumuonetsa vidiyo pa foni yotchajidwa ndi sola, ndipo mpaka pano anthu oposa 600 miliyoni padziko alibe magetsi, ena mwa iwo foni anayamba kukhala nayo babu lisanalowe m'nyumba mwawo. Munthu wotere akati zinthu zasokonekera, akufanizira ndi madzulo omwe anawaona ndi maso ake, pomwe mdzukuluyo sanawaonepo ndipo sakudziwa kuti akuuzidwa kuti wataya chani.

Macheza a banja sanafe, ambiri anasamukira pa gulupu ya WhatsApp pomwe mwana yemwe ali kunja amatumiza mawu agogo n'kumvera kangapo akumwetulira, zomwe kalata ya miyezi iwiri panjira sinkakwanitsa. Koma pagulupu aliyense amawerenga nthawi yake, wina m'mawa wina usiku, wina amangodutsa osatsegula n'komwe, ndipo ana ang'onoang'ono sakhalapo. Amenewo ndi omwe ndimawadera nkhawa, chifukwa kale iwo ndi amene ankamva zambiri, atakhala pansi pafupi ndi nyali akuluakulu akuyesa agona.