Nkhani ya sitiraka m'mabuku a mu Africa sinachokere ku Moscow

Owerenga ambiri akangoona buku la mu Africa lokamba za antchito onyanyala ntchito, amathamangira kunena kuti iyi ndi socialist realism, kalembedwe kobwereka ku Soviet Union. Apa mpamene amasokoneza zinthu.

Socialist realism inali lamulo la boma. Pa msonkhano wa alembi ku Moscow mu 1934 anagamula kuti wolemba aziwonetsa moyo ukulunjika ku chipambano cha sosholizimu, ndipo chipani cholamula cha chikomyunizimu ndicho chinkaweruza ngati wakwanitsa.

Tsono taonani Ousmane Sembène wa ku Senegal. Buku lake la 1960 likusimba za sitiraka ya antchito a njanji ya Dakar-Niger mu 1947 ndi 1948, momwe amayi akuyenda wapansi kuchokera ku Thiès mpaka ku Dakar. Inde, anali wachikomyunizimu, ankasenza katundu padoko la Marseille. Koma ku Moscow anakaphunzira kujambula mafilimu bukulo litatuluka kale.

Ngũgĩ wa Thiong'o, wolemba wa ku Kenya, nayenso ankatsamira ku maganizo a chikomyunizimu a Karl Marx, komatu sankalembera boma. Boma la Kenya linamutsekera m'ndende mu Disembala 1977, osamuzenga mlandu, chifukwa cha sewero la m'Chigikuyu limene anthu wamba a m'mudzi wa Kamĩrĩĩthũ anasewera okha.