Mathirakitala akale a m'chigwa cha Shire: mmene anafikira ndi mmene amadzutsidwira

Kuseri kwa mashedi a masikimu a mpunga, m'mabwalo a magalaja a pa Nchalo ndi pa Ngabu, ngakhale pansi pa mlambe kumudzi, mumapezeka zitsulo zomwe kale zinali mathirakitala. Matayala anaphwa kalekale, utoto unapsa ndi dzuwa, nkhuku zimaikira mazira pansi pa injini. Zitsulo zimenezi zimayambanitsa anthu. Ena amati tiitane ogula zitsulo zakutha, ayeze pa sikelo, ndalamazo tigulire feteleza. Ena, makamaka amakaniko achikulire, amati chitsulo chimenechi sichinafe, changogona. Kuti munthu aweruze bwino mkanganowu ayenera kudziwa kumene makinawa anachokera ndi chimene chinawagoneka.

Chigwa chino chinalimidwa ndi khasu kwa zaka mazanamazana. Amang'anja ndi Asena ankadalira minda iwiri, wa kumtunda wodikira mvula ndi dimba la m'mphepete mwa Shire lomwe amabzala madzi akaphwera. Thonje la nthawi ya atsamunda nalonso linali la khasu. Makina anadzachuluka dziko litalandira ufulu. Kampani ya Lonrho inatsegula minda ya nzimbe pa Nchalo, pansi pa dzina loti SUCOMA, ndipo shuga anayamba kupangidwa mu 1966. Illovo inatenga mindayi mu 1997. Mu 1968 boma linayamba pulojekiti yaikulu ya zaulimi m'chigwachi ndi ngongole ya World Bank, yomwe poyamba inkalimbikitsa kupopera thonje, ndipo Ngabu inakhala likulu la alangizi. M'zaka zomwezo, kumapeto kwa m'ma 1960 ndi m'ma 1970, boma linamanga masikimu a mthirira monga Kasinthula, Nkhate ku Chikwawa ndi Muona ku Nsanje. Paliponse pamene panafika makina panafunika anthu owakonza, ndipo luso lambiri la sipanala lomwe lili m'chigwa muno linachokera m'magalaja a esiteti ndi a mapulojekiti amenewa.

Makina akalewa ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la mathirakitala a matayala anayi ochokera ku Britain, ofiira a Massey Ferguson ndi abuluu a Ford. Kholo la ofiirawa ndi Ferguson TE20 wotuwa uja, yemwe anapangidwa ku Coventry kuyambira 1946 mpaka 1956. Iyeyu ndiye anafalitsa nzeru ya Harry Ferguson yomangirira pulawo pa mikono itatu ya kumbuyo, kuti pulawo akamakoka nthaka, kulemera kwake kuzikanikiza matayala a kumbuyo. Mdzukulu wake, Massey Ferguson 135, anatuluka mu 1964 ndi injini ya dizilo ya Perkins ya masilinda atatu, ya malita 2.5. Gulu lachiwiri ndi la timathirakitala ta matayala awiri, ta power tiller, tomwe mlimi amayenda pambuyo pake atagwira zigwiriro. Awa ndi makina a minda ya mpunga ya ku Asia. Alangizi a ku Taiwan anagwira ntchito m'masikimu angapo a mpunga m'dziko muno pa nthawi ya ubale wa maiko awiriwa, womwe unayamba mu 1966 n'kutha chakumapeto kwa 2007, ndipo pambuyo pake makina a ku China anachuluka kudzera mwa amalonda ndi mapulojekiti.

Ku America kuli anthu omwe amatolera timathirakitala ta m'munda wa pakhomo, monga Wheel Horse, Cub Cadet yomwe inayamba mu 1961 ndi John Deere 110 ya mu 1963, n'kumatipenta kuti tiwale ngati tatsopano. Timeneto ndi ta petulo, ntchito yake yaikulu n'kumweta kapinga. Kuno kathirakitala kotero sikangathyole makande. Wokonza makina akale m'chigwa chino amawakonda ndithu, koma chimene amayezera ntchito yake ndi mzere wa pulawo m'munda.

Masikimu atayamba kuperekedwa m'manja mwa magulu a alimi ogwiritsa ntchito madzi, motsatira ndondomeko ya mthirira ya mu 2000 ndi lamulo la mu 2001, funso la umwini linakula. Kodi chitsulo chili pa shedicho n'cha boma, cha gulu, kapena cha munthu amene anachigula pa okushoni? Pamene yankho silikumveka palibe amene amatulutsa ndalama yogulira gasiketi, ndipo makina opanda mwini amatha pang'onopang'ono. Lero yachoka batire, mawa sitata, mkucha pampu ya dizilo. N'chifukwa chake ntchito yodzutsa thirakitala imayamba ndi cholembera. Lembani nambala ya pa mbale ya thirakitala ndi ya pa injini, mugwirizane ndi komiti kapena mwini wake pamaso pa mfumu, ndipo pepala lisainidwe musanamasule nati ndi imodzi yomwe. Nambala zomwezo ndi zimene wogulitsa zipangizo ku Blantyre kapena ku Limbe adzakufunseni.

Chimene chimagoneka makinawa si ukalamba. Ndi madzi, fumbi, kutentha ndi dizilo wauve. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, a namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anamiza makina ambiri, ndipo madzi a Shire, Ruo ndi Mwanza akasefukira amabwera ndi matope osalala omwe amalowa paliponse pamene mpweya umalowa. Cholakwa chachikulu chimachitika madzi akaphwera. Mwini amabwereka batire kapena kugwira hendulo kuti ayese ngati ilira. Madzi sapanikizika ngati mpweya. Pisitoni ikawapeza pamwamba pake imaima mwadzidzidzi, mkono wake n'kupindika, ndipo injini yomwe ikanangofuna kutsukidwa imafuna kuphwasulidwa yonse.

Choyamba masulani nati ya pansi yotulutsira oyilo, pang'ono chabe. Madzi ndi olemera kuposa oyilo, ndiye ngati alimo amayamba ndi iwo kutuluka. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti anasakanikirana ndi madzi injini ikuyenda. Chitani zomwezo ku giyabokosi. Pa Massey Ferguson 135 oyilo wa giya ndi yemweyo amene amanyamula mikono ya pulawo, choncho matope akalowa mmenemo amakanda pampu ya hayidiroliki, ndipo pulawo amakwera monjenjemera kapena kutsika yekha. Kenako chotsani manozo onse, timipopi tofaza dizilo m'silinda, muthire m'silinda iliyonse dizilo wosakaniza ndi oyilo, theka kwa theka, pafupifupi kapu imodzi ya tiyi. Siyani sabata imodzi kapena ziwiri. Tsiku lililonse gwedezani fulaiwilo, gudumu lolemera la injini, ndi manja, kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono. Musalowetse paipi yaitali kuti muikakamize, chifukwa maring'i a pisitoni ogwidwa ndi dzimbiri amathyoka n'kukanda silinda. Ikakana, chotsani hedi, mutu wa injini wophimba masilinda, muike chipika cha mtengo pamwamba pa pisitoni n'kumenya mopepuka. Dzimbiri longodetsa khoma la silinda limachoka ndi sandipepa wosalala wonyowetsa ndi dizilo. Koma ngati chikhadabo chikukodwa m'timaenje, silivu imeneyo, khoma lochotseka la m'kati mwa silinda, isinthidwe pamodzi ndi maring'i ake.

Apa m'pamene power tiller ya ku China ili ndi mwayi womwe anthu ambiri saudziwa. Zambiri zili ndi injini ya mtundu wa S195, kutanthauza silinda imodzi yotambalala mamilimita 95, ya horsepower 12, ndipo injini za banja lomweli ndi zimene zimayendetsa zigayo zambiri za dizilo m'midzi. Wogulitsa zipangizo za chigayo amakhala ndi silivu, pisitoni, maring'i, gasiketi ya hedi, nozo ndi pulanja ya pampu. Tengani chakalecho m'manja pokagula, chifukwa S195 ndi injini inzake ya S1100 zimafanana pa maso koma pisitoni zake n'zosiyana. Pobwezeretsa, mabauti a hedi amangidwe mopingasa, pang'onopang'ono, maulendo atatu. Mpata wa mavalavu uyezedwe injini ili yozizira. Pa S195 ndi mamilimita 0.35 ku valavu yolowetsa mpweya ndi 0.45 ku yotulutsa utsi, pa Perkins ya masilinda atatu ndi 0.30 mbali zonse. Mpata ukachepa valavu simatseka bwino ndipo imapsa, ukachuluka injini imagogoda n'kuchepa mphamvu.

Dizilo wauve ndiye amapha pampu ndi manozo. Thanki yomwe yakhala zaka imakhala ndi dzimbiri ndi phala lakuda pansi. Ichotseni, muponyemo manati akale odzaza dzanja ndi parafini lita imodzi, muigwedeze mpaka mikono itope, mutsanule, mubwereze mpaka parafini atuluke woyera. Werengani manatiwo potulutsa. Dizilo wogula m'zigubu ayambe wakhala masiku awiri osagwedezeka, ndipo potunga musafike pansi. Fyuluta ikhale yatsopano. Mukatha, tulutsani mpweya m'mapaipi motsatana. Pa Massey yambirani pa fyuluta, mukupopa ndi kampini ka pampu yaing'ono ya m'mbali mwa injini, kenako timabauti tiwiri ta pa pampu yaikulu ya dizilo, ya mtundu wa CAV, pomaliza manati a pa manozo, mpaka dizilo atuluke wopanda thovu. Nozo yabwino imafaza utsi wa dizilo, yakutha imadontha. Poiyesa musaike chala kutsogolo kwake. Dizilo ameneyo amaboola khungu ndipo chala chingathe kudulidwa.

Pa tsiku loliza koyamba pakhale kathabwa kosalala pafupi ndi polowera mpweya. Injini ya dizilo yomwe pampu yake inagwira dzimbiri, kapena yomwe sefa yake ya mpweya yathiridwa oyilo wopitirira mzere, imatha kuthamanga yokha osamvera chozimitsira, ndipo njira yoiimitsa ndi kuitseka mpweya ndi thabwalo, osati ndi dzanja. Pa S195 yang'anani kachizindikiro kofiira ka pamwamba pa chivundikiro cha mavalavu. Kakapanda kukwera injini italira, oyilo sakuyenda, zimitsani nthawi yomweyo. Oyilo woyambayo ndi wotsukira chabe. Atayidwe patapita maola awiri kapena atatu, muthire wina wa 15W-40 kapena SAE 40.

Kutentha kwa kuno, komwe mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40 ku Ngabu ndi ku Nsanje, kumakumana ndi vuto lina. Mijigo yambiri ya m'chigwa imatulutsa madzi amchere. S195 zambiri zilibe radiyeta, zili ndi mphika wa madzi pamwamba pa silinda womwe umawira n'kumaphwa, ndipo mlimi amangowonjezera. Madzi amapita ndi nthunzi, mchere umatsala, n'kupanga chikhokho choyera ngati cha m'ketulo. Chikhokhocho chikakhuthala kutentha sikutuluka, hedi imang'aluka pakati pa mavalavu. Madzi a mvula osungidwa m'diramu, kapena a mumtsinje odikha, ndiwo oyenera. Ndipo injini ikauma madzi ili yotentha, idikireni izizire. Kuthira madzi ozizira pa chitsulo chotentha n'kumene kwang'amba mahedi ambiri. Fumbi la chilimwe nalo limafuna kuti mbale ya oyilo ya sefa ya mpweya itsukidwe tsiku ndi tsiku pa nyengo yolima.

Zosintha zomwe amisiri a kuno amachita zimatsata nthaka. Makande, dothi lakuda la kuzungulira Ngabu, akauma amang'aluka n'kulimba ngati njerwa, akanyowa amamata ngati ulimbo, ndipo masiku olimika bwino ndi ochepa. M'minda ya mpunga matayala a mphira amangozungulira pamodzi, choncho owotcherera amapanga matayala achitsulo a mapiko. Onse awiri akhale ofanana kukula, apo ayi makina amakokera mbali imodzi n'kudya mabering'i. Mapesi a mpunga amakulungika pa shafiti ya mipeni n'kudya silo yotchinga oyilo, matope n'kulowa m'bokosi la tcheni, ndiye achotsedwe madzulo alionse. Malamba asinthidwe onse pamodzi, chifukwa latsopano pakati pa akale limasenza katundu lokha n'kuduka. Pule ya injini yomweyo imatha kuyendetsa pampu ya madzi ku dimba kapena makina opunthira, bola mapule awiriwo ayang'anizane bwino. Pa mathirakitala a ku Britain ambiri amachotsa dainamo yochajira batire n'kuika olitaneta ya galimoto, koma ayambe aona waya wa batire umene wapita ku chitsulo, poti pa mathirakitala akale kwambiri ankamangirira wa pozitivi ndipo olitaneta imapsa ikalumikizidwa chotero.

Pali ngozi ziwiri zomwe wodzutsa makina ayenera kuuza woyendetsa asanamupatse. Thirakitala ya matayala anayi ikatitimira, kapena ikamazula chitsa, tcheni chimangidwe pa chitsulo chokokera cha pansi. Chikamangidwa pamwamba pa ekiselo, kutsogolo kumanyamuka n'kugwera woyendetsa asanaponde kilatchi. Power tiller yokoka ngolo imakhota pofinya kampini ka pa chigwiriro komwe kamamasula tayala la mbali imeneyo, koma pa mtsetse katundu akamakankha, tayala lomasulidwalo limathamanga, ndipo makina amakhotera mbali ina. Potsika mitsetse ya kutsidya kwa Shire, m'munsi mwa mapiri a Thyolo, woyendetsa alowetse giya yotsika asanayambe kutsetsereka, aziwongolera ndi zigwiriro zokha, ndipo ngoloyo ikhale ndi mabuleki akeake.

Pa mkangano wa kugulitsa kapena kukonza, zoyang'ana ndi zitatu, buloko (thupi la injini), kirankishafiti (shafiti yozunguzidwa ndi mapisitoni) ndi bokosi la magiya. Buloko yobooka ndi mkono wa pisitoni, kapena bokosi long'aluka, imeneyo ipite ku sikelo, koma pampu, manozo, hedi, sitata ndi marimu zichotsedwe kaye, chifukwa zidzadzutsa inzake. Ngati zitatuzo zili bwino, zotsalazo ndi zogula ndi zotsuka, ndipo kugulitsa Perkins yotero pa mtengo wa chitsulo chakutha n'kutaya chuma. Yomwe ikudikira ndalama ikokeredwe pa malo okwera mvula isanayambe, paipi ya utsi ivundikiridwe ndi chitini, matayala akhale pa zipika, ndipo fulaiwilo izizunguzidwa ndi manja kamodzi pa mwezi kuti maring'i asagwirenso.