Wophunzira akayamba kubwerera m'mbuyo ku koleji, atumizidwe kwa ndani?

Makolo ambiri kuno ku Kasungu amaona ngati mwana amene wakhoza mayeso a MSCE n'kupeza malo ku koleji wathana nazo zovuta, koma ife amene timaphunzitsa m'makoleji timadziwa kuti chaka choyamba n'chimene chimagwetsa ambiri. Kusekondale wophunzira anazolowera kukopera manotsi pabolodi ndi kuloweza, pomwe ku koleji ayenera kuwerenga yekha, kufufuza m'mabuku, ndi kulemba ntchito zimene malikisi ake amaphatikizidwa ndi a mayeso omaliza.

Wophunzira akalephera ntchito yoyamba kapena akayamba kujomba, mphunzitsi ayenera kumuitana msanga, osadikira kutha kwa teremu, ndipo afunse kaye chavuta n'chiyani, chifukwa yankho lake ndi limene limasonyeza kumene wophunzirayo atumizidwe. Ngati vuto lili pa kawerengedwe, apite kwa mlangizi wa zamaphunziro. Mlangiziyu sabwereza phunziro la m'kalasi, koma amakhala pansi ndi wophunzira kuti aone mmene amagawira nthawi yake, mmene amalembera manotsi, ndiponso ngati Chingerezi cha mafunso akuchimva, pakuti ena amadziwa nkhani yonse koma amayankha zimene sanafunsidwe. Akatero amagwirizana zochita zochepa za sabata imeneyo ndi tsiku lodzaonananso.

Komabe sikuti zonse n'za m'mabuku. Mabanja ambiri a ku Santhe, kwa Chulu kapena kwa Wimbe amadalira fodya, ndipo ndalama zimaoneka msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa, choncho mu Januwale ndi Febuluwale, msikawo usanatsegulidwe, mwana amatha kulowa m'kalasi ndi njala, maganizo ali pa fizi ndi lendi. Wotereyu kumuphunzitsa kagawidwe ka nthawi n'kutaya nthawi. Afunika ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, imene ingamuuze za thandizo limene lilipo, ndipo ngati ali ku yunivesite, za ngongole za HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite. Amene wasiya kugona, kudya ndi kucheza ndi anzake, makamaka akamalankhula zofuna kudzipha, aperekezedwe kuchipatala tsiku lomwelo.

Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi katumizidwe kake. Kungonena kuti "mupite mukaonane ndi alangizi" sikukwanira, chifukwa wophunzira amamva ngati wapatsidwa chilango, ndipo manyazi amamubweza pakhomo penipeni pa ofesi. Mphunzitsi amufotokozere chifukwa chake ali awiri, apemphe chilolezo chake asanauze mlangizi za vutolo, amutchulire tsiku ndi ola, kenaka patapita sabata afunse ngati anapitadi. Makolo nawonso akamva kuti mwana wawo watumizidwa kwa mlangizi asathamangire kukalipa pafoni, koma amufunse zimene anagwirizana kumeneko ndi tsiku limene adzabwererenso.