Kuona mbalame kukugwa mvula yamawawa

Anthu ambiri akadzuka kukugwa mvula yamawawa amalephereza ulendo wokaona mbalame, poganiza kuti nazonso zabisala. Pa ntchito yanga yophunzira za mbalame ndaona kuti tsiku lotero ndi limene zimatsika pafupi ndi munthu, makamaka m'nyengo imene mitengo imaphukira, yomwe ku Ulaya ndi ku North America imayamba mu Marichi mpaka Meyi.

Mbalame siopa kamvula kowaza chifukwa nthenga zake zimalukana mothinana, ndipo imazipaka mafuta ochokera patsinde pa mchira pogwiritsa ntchito mlomo, motero madontho amangotsetsereka osafika pakhungu. Chimene mvula imasintha ndi malo a chakudya. Nyongolotsi zimatulukira pamwamba pa dothi lonyowa, ndipo mbalame zodya pansi zimatera poyera kudzazitola. Tizilombo touluka timatsika, choncho anamzeze, amene ena mwa iwo amakhala atangofika ku Ulaya kuchokera kummwera kwa Africa atauluka makilomita pafupifupi 10,000, amazungulira chapansipansi pamwamba pa madzi, moti woima phee m'mbali mwa dziwe amatha kuona kufiira kwa pakhosi pawo. Mvula yamphamvu ya mphepo ndi ziphaliwali ndi nkhani ina, pakuti pamenepo mbalame zazing'ono zimalowa m'zitsamba, ndipo nanunso muyenera kubwerera.

Za mtendere wa mumtima umene oyenda m'mvula amaunena, sindiutenga ngati nthano. Mu 2022 ofufuza a ku yunivesite ya King's College London anafalitsa zimene anapeza pa anthu 1,292 amene ankalemba pa foni mmene akumvera: kuona kapena kumva mbalame kunkayendera limodzi ndi kupepukidwa maganizo, ndipo kupepukidwako kunkatha kukhala mpaka maola 8, ngakhale kwa odwala matenda a kukhumudwa. Chifukwa chake, mwa kuganiza kwanga, n'chakuti munthu sangatsatire kambalame kamene kakulira m'masamba akudontha uku akuwerengetsera ngongole zake, popeza khutu ndi diso zimafuna maganizo onse. Mvula imathandizira pochepetsa anthu m'njira, ndiponso pofewetsa masamba ouma kuti mapazi asachite phokoso. Fungo lija la dothi longonyowa, limene gawo lake limachokera ku bakiteriya wa m'nthaka wotchedwa Streptomyces, limabwera ngati chowonjezera chaulere.

Magalasi oonera patali olembedwa 8x42 ndi okwanira, chifukwa amakulitsa chinthu maulendo 8 ndipo galasi lake lakutsogolo la mamilimita 42 limalowetsa kuwala kokwanira pa tsiku la mitambo. Ambulera sindiikonda, pakuti imalira ndi madontho komanso imathawitsa mbalame mukaigwedeza. Chipewa ndi jekete losalowa madzi la mtundu wosawala zimachita bwino. Mukamva mvula ikuyamba kukata, musafulumire kunyamuka, chifukwa mphindi zotsatirazo ndi pamene zazimuna zimakwera pansonga za nthambi, kukutumula nthenga ndi kuyambiranso kuyimba.