Mwana akalephera kalasi, musathamangire transifa

Chaka chilichonse, sabata yotsekera teremu yachitatu, pakhomo pa ofesi yanga pamakhala mzere wa makolo, aliyense lipoti lili m'manja. Ena ndimakhala ndikuwaona koyamba, chikhalirecho mwana wawo wakhala nafe kuyambira Seputembala. Zonena zake ndi zomwezo: "Ahedi, tangomukankhani apite limodzi ndi anzake." Ndikakana, akuti, "Basi ndilembereni transifa, ndikamuyese kwina." Makolo anzanga, mawu awiriwa andikwana. Ndaphunzitsa m'sukulu za pulaimale muno mu Lilongwe zaka zambiri, ndipo ana amene anapita nawo kwina mwa njira imeneyi ambiri ndimadzakumana nawo vuto lili pompo.

Lipoti la mu Julaye silinena zachilendo. La teremu yoyamba, lija munalandira Khirisimasi isanakwane, linanena kale, la teremu yachiwiri n'kudzabwereza. Nthawi yobwera kusukulu inali imeneyo. Koma poti zachitika, yambani ndi mphunzitsi wa kalasi. Musapite kukakalipa, pitani akakuonetseni mapepala a mayeso amene mwana analemba, makope ake ndi kaundula wa masiku amene anabwera kusukulu. Nambala imene mwana wakhala pa lipoti siikuuzani chimene chavuta. Pepala ndilo limanena. Mwana amene wasiya pepala loyera chifukwa satha kuwerenga funso ndi wosiyana ndi mnzake amene amawerenga bwinobwino koma masamu ogawa amamuzunguza mutu. Kaundula nayenso amaulula zambiri. Mayi wina anakhala pansi mu ofesi mwanga n'kugwira mutu ataona kuti mnyamata wake, yemwe ankanyamuka m'mawa uliwonse atavala yunifolomu, ankathera tsiku m'nyumba zoonetsa mavidiyo. Ana ena timawajombetsa ndife eni ake, powatuma kukagulitsa mandasi mu depoti kapena kuwasiyira mwana wakhanda ife tikapita kumsika.

Sindikunena kuti vuto lonse lili kunyumba ayi. Chiyambireni maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, makalasi athu anadzaza ndipo sanaphwepo. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma m'sukulu zambiri za mumzinda muno kalasi ya Sitandade 1 kapena 2 imaposa ana 100. Mwana wofatsa amene amakhala kumbuyo atha kumaliza teremu mphunzitsi osamva mawu ake. Choncho kulephera sikutanthauza kuti mwana wanu ndi mbutuma, ndipo dzina limeneli musamutchule nalo. Chikwapu chomwe mwamukonzera kunyumba chingomuphunzitsa kubisa lipoti chaka chamawa.

Kubwereza kalasi nthawi zambiri ndiyo njira yoyenera, makamaka m'makalasi a pansi. Mwana amene akutuluka Sitandade 2 osatha kulumikiza "ma", "la" ndi "ya" kuti apange "malaya", kumukankhira kutsogolo n'kumulakwira. Atha kumangokopera za pa bolodi mpaka Sitandade 4, koma pofika Sitandade 5 pafupifupi phunziro lililonse likhala m'Chingerezi, mabuku ake olemera, ndipo pamenepo amaimiratu. Koma kubwereza pakokha si mankhwala. Akabwerera pamalo pomwe paja, kumbuyo komwe kuja, zonse n'kukhala monga kale, zotsatira zake zidzakhala zomwezo. Gwirizanani ndi aphunzitsi kuti akhale kutsogolo, muziona makope ake sabata iliyonse, ndipo madzulo aziwerenga mokweza kwa mphindi 20 wina akumvetsera. Ngati inu kuwerenga kumakuvutani, mkulu wake kapena mwana wa aneba wa kusekondale angathe kuthandiza.

Pali mtsikana wina amene mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa. Ankakhala ndi agogo ake, ndipo anabwereza Sitandade 3 kawiri. Anali waulemu, makope aukhondo, zolemba zake zooneka bwino, koma ukamufunsa funso ankangomwetulira n'kuyang'ana pansi. Tonse tinkati ndi wamanyazi. Agogo atabwera anandiuza kuti, "Aphunzitsi, mwanayu anamutseka mutu kumudzi, tayenda naye kwa asing'anga awiri." Mphini zinalidi pachipumi. Tsiku lina ndikugawa makope ndinamuitana dzina katatu ndili kumbuyo kwake, osatembenuka. Nditamugwira paphewa anadzidzimuka, ndipo m'pamene ndinaona kathonje m'khutu mwake. Agogo anati makutuwo akhala akutuluka mafinya kuyambira ali wamng'ono, iwo ankangopukuta. Mwana uja sankamva zimene tinkaphunzitsa, ankangokopera zimene maso ake aona. Kuchipatala anamuthandiza, tinamuika kutsogolo, ndipo anayamba kugwira. Koma anali ndi zaka 13 pakati pa ana a zaka 9, anzake ankamutcha agogo a kalasi. Sitandade 5 sanaimalize. Ine ndinali naye chaka chathunthu ndisanazindikire, ndipo zimenezi sindingazikankhire kwa wina aliyense.

N'chifukwa chake mwana aliyense wolephera, maka amene walephera kachiwiri, ndimati apite kaye kuchipatala. Yambani pa chipatala cha m'dera lanu, kaya ndi ku Kawale, ku Area 25 kapena ku Bwaila, mukanene momveka kuti mukufuna amuone maso ndi makutu. Pakafunika akutumizani ku Kamuzu Central komwe kuli madokotala a maso. Mwana amene amatsinzina poyang'ana pa bolodi, amene amapendeketsa mutu pomvetsera, amene amadwala malungo pafupipafupi, wokodza magazi chifukwa cha likodzo, kapena amene amangoti duu kwa kanthawi ngati wachoka, onsewa ndi a kuchipatala. Njala nayo muiwerengere. Mwana amene wabwera m'mimba mulibe kanthu, ikamakwana 10 koloko amakhala akuodzera.

Maso ndi makutu zikapezeka kuti zili bwino, mwana sajomba, koma malembo amangomusokonekerabe, funsani za aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera. Boma lili nawo, ambiri anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, ndipo amakhala m'sukulu zina zimene zili ndi chipinda chapadera chothandizira ana otere. Ahedi kapena a PEA, mlangizi wa maphunziro amene amapezeka ku TDC (likulu la aphunzitsi a sukulu za m'dera limodzi) ya zoni yanu, akuuzani yomwe ili pafupi. A PEA omwewo ndiwo muwaonenso ngati mukukhulupirira kuti mwana wanu anamulakwira pochonga, mwakambirana ndi ahedi koma simunamvane.

Tsono ndinene za amene akudyera pa nkhawa zanu. Timapepala tomata pa mitengo ya magetsi ndi pa mipanda, tonena za mankhwala a nzeru ndi okhozetsa mayeso, ndi bodza lamkunkhuniza. Palibe mphini, chithumwa kapena cholembera chopemphereredwa chimene chingalowetse maphatikizo m'mutu mwa mwana. Kupemphera pempherani, inenso ndimapemphera, koma buku litsegulidwe. Choopsa n'chakuti pamene mukuyendayenda ndi mwana uku ndi uku, miyezi ikupita, khutu lija likunka liwonongekerabe. Chenjeraninso ndi sukulu ina iliyonse imene ikulonjeza kumulandira m'kalasi ya patsogolo osamuyesa n'komwe, bola mwalipira fizi. Ena amafika pogula lipoti labodza. Zonsezi zimakaonekera mu Sitandade 8, pa mayeso a PSLCE a bungwe la MANEB, pamene palibenso womukankha. Kusintha sukulu kuli ndi malo ake, monga ngati mwana akuzunzidwa ndi anzake, ngati mtunda watalika, kapena mwapeza kumene ana ndi ochepa m'kalasi. Koma akalowe kalasi yomwe walepherayo, ndipo aphunzitsi atsopanowo muwauze zoona.

Za pati taimu, musangolipira chifukwa aneba akulipira. Kaoneni nokha. Ngati ndi ana 40 pakhonde akukopera manotsi, mwana wanu wosatha kuwerengayo sapindulapo kanthu. Amene akufunika ndi munthu wokhala naye pansi, kumuyambitsa pa liwu la lembo lililonse.

Tchuthi chachitalichi chili ndi masabata okwanira kupita kuchipatala ndi kuyamba kuwerenga madzulo. Sabata yoyamba tikatsegulira mu Seputembala, bwerani nokha, musatume mwana. Tengani buku lake la kuchipatala ndi lipoti lija, tikalowe limodzi m'kalasi tikamupezere malo kutsogolo.