Mkodzo ukamatayika wokha: mafunso ndi mayankho pa mafizo a minofu ya pansi pa chiuno

Amayi ambiri kuno ku Dedza amadziwa kuti mafizo ndi a munthu amene wathyoka mwendo kapena wafa ziwalo. Ochepa ndi amene anamvapo kuti alipo mafizo a mayi amene mkodzo umamudontha akatsokomola, kapena amene amamva ngati china chake chikutsika kunjira ya abambo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera nkhaniyi ikayambika.

Minofu imeneyi ili pati, nanga imagwira ntchito yanji?

Ili pansi penipeni pa chiuno, kuchokera ku fupa la pachinena kukafika ku kafupa ka kumapeto kwa msana. Imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi thumbo lotulukira chimbudzi monga mmene nsalu imagwirira mwana kumsana: ikalimba zonse zimakhala pamalo pake, ikakhwepa katundu amatsika. Ndi yomweyi imene imatseka njira ya mkodzo ndi ya chimbudzi mpaka munthu atafika poyenera. Abambo nawonso ali nayo.

Chimaifooketsa n'chiyani?

Mimba ndi kubereka ndiye zoyamba, makamaka kubereka pafupipafupi, mwana wamkulu, kapena kung'ambika pochira. Kenako kusiya kusamba, kunenepa kwambiri, kudzimbidwa kochita kudzikakamiza kuchimbudzi, ndi chifuwa chosatha.

Koma chimene sitichiwerengera kwambiri ndi katundu. Chidebe cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, ndipo mayi wochira kumene amapezeka wachisenza mwana asanathe mwezi. Wina ali kudimba ku Bembeke, kudendekera mbatatesi ndi kabichi kukafika nazo kumsewu. Thupi lochira limafuna milungu 6 kapena kupitirira kuti libwerere m'malo mwake, tsono apa apongozi ndi abambo a m'nyumba ndi amene ali ndi mankhwala kuposa chipatala: amulandire madzi ndi nkhuni.

Kodi si mmene zimakhalira kwa mayi aliyense wobereka?

N'zofala, inde, koma kufala sikutanthauza kuti munthu azingokhala nazo. Pali amayi amene anasiya kwaya, anasiya kuvina pachinkhoswe, amakhala kumbuyo kutchalitchi atapinda kansalu m'kati, zaka ndi zaka, pomwe ambiri mwa iwo akanathandizika opanda jakisoni kapena mpeni.

Ndidziwa bwanji ngati langa ndi vuto la minofu kapena ndi fistula?

Funso ili ndiye lofunika kuposa onse, chifukwa njira zake n'zosiyana.

Ngati mkodzo umatuluka pang'ono mukatsokomola, kuyetsemula, kuseka kapena kunyamula chinthu, koma nthawi zina zonse muli bwinobwino, kawirikawiri ndi minofu yofooka. Ngati umakupanikizani mwadzidzidzi n'kutayika musanafike kuchimbudzi, ndi chikhodzodzo chimene chikufinya nthawi isanakwane, ndipo nachonso chimaphunzitsika. Zonse ziwirizi mafizo amathandiza.

Fistula ndi ina. Mkodzo, nthawi zina ndi chimbudzi chomwe, umangoyenda usana ndi usiku, mutagona kapena mutaima, osauletsa n'komwe. Imayamba masiku ochepa chabe mayi akachira movutikira, matenda atatenga nthawi yaitali mutu wa mwana utapanikiza mnofu mpaka kuboola pakati pa chikhodzodzo ndi njira ya abambo. Si chilango cha kuyenda ndi amuna ena monga ena amanenera, ndipo si zamatsenga. Bowo limenelo silitsekeka ndi mafizo ngakhale mutalimbikira chotani, kawirikawiri limafuna opaleshoni. Ku Lilongwe, pachipatala cha Bwaila, pali malo othandizira amayi a fistula okhaokha, ndipo thandizo lake ndi laulere. Amene wangochira kumene n'kuona zimenezi abwerere kuchipatala msangamsanga, chifukwa bowo laling'ono nthawi zina limapola lokha akamuika paipi ya mkodzo mwachangu.

Ndiyambire kuti?

Pachipatala chaching'ono cha kwanu, kaya ndi ku Lobi, Mayani kapena Mtakataka, mutatenga buku lanu la kuchipatala. Ndondomeko ya boma ndi yakuti a pamenepo akaona kuti zawakulira amakulemberani kupita kuchipatala chachikulu cha paboma, ndipo kumeneko akafuna akatswiri ena amakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe kuli nthambi ya mafizo. M'zipatala za boma simulipira thandizo. Za mishoni, monga Mua, zimakhala ndi mitengo yake, choncho funsani musanayambe.

Mpata wabwino ndi sikelo ya milungu 6 mutachira. Vuto n'lakuti tsiku limenelo maso onse amakhala pa mwana ndi katemera wake, ndipo mayi akafunsidwa amangoti "ndili bwino." Nenani mosabisa: "Anamwino, mkodzo ukumandidontha ndikatsokomola." Sizachilendo kwa iwo.

Akandiyeza bwanji? Ndimachita manyazi.

Amayamba ndi mafunso: munabereka kangati, mumakodza kangati, mumamwa chiyani. Angayezenso mkodzo, popeza matenda a m'njira ya mkodzo ndi shuga amabweretsa zizindikiro zofanana, ndipo kwa anzathu a kumunsi kunyanja, ku Golomoti ndi Mtakataka, likodzo siliiwalika. Kuyeza kwa m'kati kumachitika pokhapokha mwavomera. Mutha kupempha kuti akuyezeni munthu wamkazi, kapena kuti pakhale mayi wina m'chipindamo.

Mafizowo amachitika bwanji?

Anawatchukitsa ndi dokotala wa amayi wa ku America, Arnold Kegel, mu 1948, n'chifukwa chake ena amangowatchula kuti ma Kegel. Gonani chagada mawondo mutapinda. Finyani ngati mukuletsa mpweya woipa kutuluka, komanso ngati mukugwira mkodzo, n'kukokera m'kati chokweza. Gwirani masekondi 3, masulani masekondi 3. Bwerezani ka 8 mpaka 10, katatu pa tsiku. Mphamvu zikamabwera onjezerani mpaka masekondi 10, ndipo muziwonjezera kufinya kwachangu, kofinya n'kusiya, ka 10. Mukazolowera muziwachita mutakhala pansi, kenako mutaimirira, ngakhale mukuvundula nsima, palibe angadziwe.

Ambiri amalakwitsa pofinya matako, ntchafu kapena mimba, ndi pogwira mpweya. Pumani bwinobwino. Ena amachita kukankhira pansi m'malo mokokera m'mwamba, zimene zimaonjezera vuto, ndipo ichi ndicho chifukwa chake kuonetsedwa kamodzi ndi wodziwa kumaposa kuwerenga. Musamachitire mafizowa pokodza, kumadula mkodzo panjira tsiku ndi tsiku, chifukwa chikhodzodzo chimazolowera kusamaliza.

Kachinsinsi kena kothandiza tsiku lomwelo: finyani kaye musanatsokomole, musanayetsemule, musanatukule mwana kapena chidebe.

Ndidikire nthawi yaitali bwanji?

Perekani miyezi 3 ya tsiku ndi tsiku musananene kuti sizikugwira. Ikatha osasintha, bwererani kuchipatala. Kwa amene chiberekero chatsika kwambiri, pali kamphete kofewa kamene adokotala amaika m'kati kuti kachichirikize, komanso opaleshoni.

Ndichepetse kumwa madzi kuti ndisamadonthe?

Ayi. Mkodzo wochepa, wakuda, umapweteka chikhodzodzo ndipo kusamwa madzi kumadzimbitsa. Chochepetsa ndi tiyi, khofi, zakumwa za gasi ndi mowa. Ndikudziwa, ndi kuzizira kwa June ndi July kuno, kuuza munthu kuti achepetse tiyi n'kumuputa, koma yesani mlungu umodzi muone.

Nanga mankhwala oika kumaliseche oti amabweza thupi?

Sakhudza minofu n'komwe. Amangoumitsa ndi kutupitsa khungu la m'kati, kusiya timabala timene timatsegulira njira matenda, kuphatikizapo HIV.

Ine ndimamva kuwawa pokhala malo amodzi ndi bambo. Ndichite mafizo omwewa?

Musayambe musanayezedwe. Kwa ena vuto si kufooka koma kukungika: minofu imakhala yofinya nthawi zonse, ndipo kuifinyanso kumaonjezera ululu. Iwowa amaphunzitsidwa kumasula, kupuma mozama ndi kudziwongola.

Abambo zimawakhudza?

Eya, makamaka amene achitidwa opaleshoni ya prostate (kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo) n'kuyamba kudontha. Mafizo ake ndi omwewa, kufinya ngati mukuletsa mpweya n'kukokera m'kati. Koma bambo amene mkodzo ukuvuta kutuluka, ukutuluka ndi magazi, kapena watsekeka, asataye nthawi ndi mafizo; apite kuchipatala tsiku lomwelo.